Kampani ya mainjiniya ikagulidwa, ntchito yanu imasintha pati?

Mu 2012 kampani ya ku Canada yotchedwa Genivar idagula WSP ya ku Britain, ndipo pofika 2014 idatenga dzina lomwelo la WSP. Chaka chomwecho idagula Parsons Brinckerhoff, mu 2021 idagula Golder, mu 2022 idagula nthambi ya zachilengedwe ya kampani ya Wood. Umu ndi mmene makampani otere amakulira.

Nanga amagula chiyani, poti kulibe fakitale? Amagula anthu, ndi makontrakiti osainidwa kale.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kukukhudzani ndi timesheet, fomu yolembapo maola amene mwagwira ntchito. Ola lililonse mumalilemba pa nambala ya pulojekiti, chifukwa kasitomala amalipira maola. Tinene kuti sabata ili ndi maola 40 ndipo akuikirani mlingo wa 85 peresenti: maola 34 ayenera kukhala olipiritsa kasitomala. Otsala 6 ndi a misonkhano, maphunziro ndi kulemba zikalata zopikisanira makontrakiti atsopano. Kampani yaing'ono mwina inkangoyang'ana pakutha pa chaka. Yaikulu imayang'ana sabata ndi sabata, ndipo mukatsika miyezi iwiri, bwana akuitanani.

Vuto lenileni limabwera tsiku losamutsira maakaunti ku sisitemu ya eni atsopano. Manambala a mapulojekiti amasintha. Ola lolembedwa pa nambala yakale silifika pa invoisi (kalata yolipiritsira kasitomala), ndalama zimachedwa, ndiye pulojekiti yoyenda bwino imaoneka ngati ikuluza. Musanasamuke, sungani ndandanda yolumikiza nambala yakale ndi yatsopano, ndi bajeti yotsala pa gawo lililonse.

Magiredi nawo amasokonezeka. Yemwe anali Senior Engineer atha kuikidwa giredi yotsikirapo ngakhale malipiro asasinthe. Funsani giredi yanu ikupita pati, ndipo akuyankheni polemba.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Ngati kampani yanu inkajambula mlatho pomwe yogulayo inkaunika pulani yomweyo m'malo mwa boma, tsopano ndinu kampani imodzi, ndipo munthu sadziunika yekha. Kawirikawiri mbali imodzi imayenera kusiya ntchitoyo.

Pomaliza, yang'anirani mabwana akale. Ambiri amasaina zoti akhalabe zaka ziwiri kapena zitatu kuti alandire ndalama zawo zonse za kugulitsidwa kwa kampaniyo. Nthawiyo ikatha ena amachoka, makasitomala n'kuwatsatira. Choncho musadalire munthu mmodzi kuti azikupatsani ntchito. M'miyezi yoyambirira, dziwanani ndi oyang'anira mapulojekiti a m'maofesi ena, chifukwa maola 34 aja adzachokera kwa iwowo.