Makalata a Omvera: Manda Amodzi, Mbiri Ziwiri ku Gunung Kemukus

Takulandiraninso omvera. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Salima. Akuti: "Achimwene, sabata yatha munati kuphiri lina ku Indonesia kuli manda a mlaliki wachisilamu. Mwana wanga wapeza pa intaneti zoti kumeneko anthu amakachita zadama pofuna kulemera. Wanama ndani?"

Zikomo bambo. Ine sindinaname, mwana wanunso sananame. Eni ake a pachilumba cha Java ndiwo akhala akukokanakokana pankhaniyi.

Malowa ndi Gunung Kemukus, kaphiri ka m'boma la Sragen, m'mphepete mwa damu la Kedung Ombo. Pamwamba pake pali manda a Pangeran Samudro, amene amati anali mwana wa mfumu yomaliza ya Majapahit, ufumu wakale wa ku Java. Mpaka apa ambiri amagwirizana.

Ena amati Samudro anagwa m'chikondi ndi Nyai Ontrowulan, mkazi wa bambo ake, ndipo awiriwo anathawira kuphiriko nakafera komweko. Okhulupirira mbiriyi amasamba pakasupe wotchedwa Sendang Ontrowulan, kukwera ndi maluwa kumanda, kufukiza lubani, kupemphera, kenako kugona ndi munthu amene si wapabanja pawo. Sikupita tsiku lililonse ayi. Ku Java kuli sabata ina ya masiku 5, ndipo Lachisanu limakumana ndi tsiku la Pon, limodzi mwa masiku 5 amenewo, kamodzi pa masiku 35 alionse. Uyenera kubwera kasanu ndi kawiri, mnzako yemweyo, kuti malonda ako ayende.

Koma osunga mandawo, omwe amatchedwa juru kunci, pamodzi ndi boma, amati limenelo ndi bodza loipitsa munthu wa Mulungu. Iwo amati Samudro anali wophunzira wa Sunan Kalijaga, mmodzi mwa alaliki 9 otchuka amene anafalitsa Chisilamu ku Java. Anakaphunzira kuphiri la Lawu, ndipo pobwerera kumzinda wa Demak anadwala namwalira panjira. Ontrowulan anabwera ngati mayi wodzalira mwana wake. Mkangano wonse wagona pa mawu amene amati Samudro anasiya: wobwera kumanda kwake abwere ndi mtima wonse, ngati wopita kwa wokondedwa wake. Awa amati linali fanizo chabe. Enawo anamva ngati lamulo. Ine ndikaona, fanizo ndilo lomveka, komatu ine si wa ku Sragen.

Mayi wina wa ku Zomba naye walemba mwachidule: "Bwanji boma osangotseka?"

Linayesa, mayi. Mu 2014, kanema wa SBS wa ku Australia ataonetsa zochitikazi, bwanamkubwa wa chigawo cha Central Java panthawiyo, Ganjar Pranowo, analamula kuti uhule uthe paphiripo. Oyamba kulira anali ogulitsa zakudya ndi obwereketsa zipinda, chifukwa alendo atachepa, ndalama zinauma. Mu 2022 boma linatsegulira malowa atakonzedwanso, n'kuwatcha New Kemukus, kuti mabanja azibwera ndi ana.

Chomwe mbali zonse sizikanganirana ndi mwambo wa pa 1 Suro, poyambira chaka chachijava. Nsalu yotchinga manda a Samudro imatsitsidwa kukachapidwa, ndipo khamu limalimbirana madzi ochapirawo, aliyense ndi kabotolo kake m'manja. Pamenepo safunsana kuti iwe wabwera ndi mbiri iti.

Timvere kaye nyimbo, tikabwerera tili ndi kalata yochokera ku Chipata.