Zigubu ndi makatoni a mkaka: chochita zisanatuluke m'nyumba

Moni amayi ndi abambo nonse a pagulu lathu lino la mu Johannesburg, a ku Rosettenville, a ku Turffontein, ndi inu a ku Yeoville amene mumangomvera osayankha, tikukuonani. Ndajambula mawu chifukwa kulemba zonsezi chala chingatope. Nkhani yake ndi ya zigubu za mkaka ndi makatoni aja a mkaka wokhalitsa, zimene timangoponya m'bini pamodzi ndi makoko a nthochi ndi nsima yolala, pomwe zikhoza kugulitsidwa n'kukonzedwanso kukhala zinthu zina.

Tayambani mwatenga chigubu chimodzi, muchitembenuze, muone kunsi kwake. Pali kachizindikiro ka makona atatu, m'kati mwake muli nambala. Chigubu choyera cha malita 2 chija, ngakhale cha amasi, nthawi zambiri chimakhala nambala 2, pulasitiki yotchedwa HDPE. Botolo la zakumwa loonekera m'kati ndi nambala 1, PET. Kajumbo ka mkaka wa m'sacheti ndi nambala 4. Ogula zinthuzi amaika pasikelo mtundu uliwonse paokha, mitengo yakenso ndi yosiyana, ndiye nambalayo ili ndi ntchito.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani yonse: kutsukuluza. Mkaka ukangotha, nthawi yomweyo thirani timadzi pang'ono, theka la kapu basi, tsekani, khutchumulani, khuthulani. Musati ndichita mawa. Ndi kutentha kwa mu Disembala kuno, kamkaka kotsalira pansi kaja kamasasa tsiku limodzi, kenako fungo, ntchentche, mphutsi, mphemvu n'kumayenda m'khitchini ngati zimalipira nawo lendi. Sopo safunika, madzi otentha safunika. Ndipo poti mipope ya mu Johannesburg muno imauma ikafuna, musatsegule mpopi chifukwa cha chigubu. Madzi omwe mwatsukira mbale omwewo akwanira. Mukatero chizondotseni pasinki chiume. Chikauma chipondeni ndi phazi chiphwatalale, ndiyeno bwezerani chotsekera chake, mpweya usalowenso. Kachotsekera kakakhala kokha kamagwa m'thumba n'kutayika pamsewu.

Katoni nayo muitsukuluze chimodzimodzi, koma iyo ili ndi timakutu tinayi topindidwa, tiwiri pamwamba, tiwiri pansi. Timatuleni timakutu timeneto, katoni imagona yokha, mwina kuimenya ndi chikhatho kamodzi basi. Makatoni khumi ophwatalala satenga malo n'komwe.

Ena amati katoni ya mkaka siingakonzedwenso poti m'kati mwake mumanyezimira. Ayi, imakonzedwa. Katoni ya Tetra Pak ya mkaka wokhalitsa, pafupifupi magawo 75 pa 100 ndi pepala, 20 ndi pulasitiki, 5 ndi kaaluminiyamu konyezimirako, kamene kamatchinga kuwala ndi mpweya kuti mkaka ukhale miyezi osalowa m'filiji. Kufakitale amaponya makatoniwa m'chithanki chachikulu cha madzi n'kuwatakasa mpaka pepala lisiyane ndi zinazo. Pepala lija amapangira makatoni ena olongedzera katundu. Kampani ya Mpact inaika makina otere mu 2017 pafakitale yake ya mapepala ku Springs, kummawa kwa Joni konkuno, si kutali. Zigubu zija amazidula tizidutswa, kuzitsuka, kuzisungunula, n'kupanga mapaipi, makireti, mabini ndi zina zotero.

Nanga tikakonza chonchi tipereke kwa ndani? Pikitup, kampani ya mzinda yotola zinyalala ija, inalamula kuyambira mu July 2018 kuti m'madera ena anthu azipatula zinyalala kunyumba komweko. Ngati kwanuko galimoto yotenga zopatulazi imabwera, ikani m'thumba lomwe amapereka. Koma tinene zoona, m'mafulati ndi m'zipinda za kuseri zomwe ambirife timakhala, amene amafika mosaphonya ndi abale athu okoka ngolo aja, okhala ndi chithumba chachikulu pamwamba, amene amalawirira kusanache tsiku lotulutsa mabini. Ali ndi bungwe lawo, African Reclaimers Organisation. Munthu uja amakagulitsa pa kilo, chakudya cha ana ake chimachokera pamenepo. Ndiye taganizani, apise dzanja mpaka m'chigongono m'bini mwanu kufunafuna chigubu chomwe chasakanikirana ndi matewera a mwana. Si ulemu umenewo. Ikani zigubu ndi makatoni m'thumba loonekera m'kati, mangani, muike pambali pa bini kapena pamwamba pake, aone msanga anyamule. M'thumba limenelo musaikemo magalasi osweka, malezala, singano, kapena chakudya. Botolo likasweka likulungeni m'nyuzipepala lipite kwina.

Mufunseninso wa mumsewu mwanuyo, mwaulemu, "Achimwene, makatoni a mkaka mumatenga?" Zigubu sakana, koma makatoni ena amawasiya chifukwa si malo onse ogula amene amawalandira. Akati satenga, asungeni ophwatalala m'bokosi, mudzafunse pamalo a Pikitup otayirapo zinyalala za m'munda omwe muli nawo pafupi, kapena mudzaponye m'mabini olandirira zoterezi omwe amapezeka pamashopu ena akuluakulu. Inu a ku Turffontein chiphiri cha zinyalala cha Robinson Deep mumachiona tsiku ndi tsiku. Chilichonse chomwe sitinapatule chimakathera pamalo ngati amenewo, ndipo malowo akudzaza.

Zina mutha kusunga n'kugwiritsa ntchito. Chigubu mukachidula mopendeketsa, kusiya chogwirira, chimakhala chotapira ufa kapena mpunga m'thumba. Mukachidula pakati n'kuboola kunsi ndi msomali, thirani dothi mufese mpiru, lepu kapena anyezi, muike pawindo kapena pakhonde. Kuboola chotsekera chokha, mwapeza chothirira mbewuzo. Madzi osungira kuchimbudzi mipope ikauma, ikani m'zigubu zimenezi, palibe vuto. Koma akumwa ine sindilimbikitsa, chifukwa mafuta a mkaka amakanirira m'chogwirira muja momwe dzanja ndi siponji sizifika, madzi n'kuyamba kununkha.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse, makamaka inu ophikira pa sitovu ya parafini: musaike parafini, bulitchi kapena mankhwala a mphemvu m'chigubu cha mkaka kapena m'botolo la zakumwa. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kusiyanitsa, amadziwa kuti m'chigubu choyera mumakhala mkaka, ndipo parafini amaoneka ngati madzi. Zikachitika mwangozi musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena chilichonse, thamangirani naye kuchipatala. Komanso m'nyengo yozizira musayatsire mbaula ndi zigubu kapena makatoni. Utsi wa pulasitiki m'chipinda chotseka ndi woipa pachifuwa.

Amene muli ndi ana a sukulu, ntchito yoponda zigubu apatseni iwowo, amaikonda. Inu mungoonetsetsa kuti atsukuluza kaye ndipo chotsekera achotsa asanaponde, apo ayi mkaka wosasa uthovokera pakhoma la landilodi. Wina anditumizire tsiku lomwe mabini amatuluka ku Yeoville, tiziuzana pagulu pano usiku wake. Ndalekeza pompa, ndiwo zili pamoto.