Agogo aja ankasewera Wii anapita kuti?

Zikomo a tcheyamani. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ndikuona anyamata angapo pano amene mumaswera pa PlayStation, padi yosewerera m'manja, mpaka nsima kuzizira. Lero sindikamba za inu. Ndikamba za munthu wongosewerako, uja amatsegula gemu podikira kuti minibasi idzaze, ikanyamuka n'kuiwala.

Mu 2006 kampani ya ku Japan ya Nintendo, motsogozedwa ndi Satoru Iwata, inapita kukasaka anthu oterewa ndi makina otchedwa Wii. Rimoti yake sinkafuna kuloweza mabatani. Umangoima pabalaza n'kuiponyera dzanja ngati ukumenya mpira wa tenisi, kamunthu ka pa TV nakonso n'kumenya. Ana anasewera, amayi anasewera, ngakhale agogo a m'nyumba zosungira okalamba ku America ankapikisana. Anagulitsa makina oposa 100 miliyoni.

Apa Nintendo inayesa kuti anthuwa ndi ake basi. Mu 2012 inatulutsa makina atsopano otchedwa Wii U. Inagulidwa ingati, ndani angalote? Ayi achimwene, tsitsani. Sinakwane ngakhale 14 miliyoni. Ena ankayesa kuti ndi kachida kongolumikiza ku Wii yakale ija, koma mdani weniweni anali kale m'thumba mwa anthu. iPhone inatuluka mu 2007, mafoni a Android n'kutsatira, ndipo chaka chomwecho cha 2012 kunabwera Candy Crush Saga, gemu ya pa foni yotsitsa ulere. Tandiuzani, munthu wofuna kungotayitsa mphindi khumi angagulirenji makina pamene foni ali nayo kale?

Komanso mitengo siikuwathandiza opanga makinawa. Kale makina akakhalitsa pa msika ankatsika mtengo. PlayStation 5 inayamba pa madola 499 mu 2020, koma mu 2025 ku America inakwera kufika pafupifupi 550. Ndalama imeneyo amatulutsa ndi wokonda magemu zenizeni, osati azakhali anu.

Mwina wina anena kuti nanga Switch, makina a Nintendo a 2017, inadutsa bwanji 150 miliyoni ogulitsidwa? N'zoona. Koma taonani mmene inapangidwira: umaizula pa TV n'kupita nayo kuchipinda kapena pa ulendo. Kwa ine, inapambana chifukwa inatengera khalidwe la foni. Microsoft nayo inaona komwe kwalowera mphepo. Mu 2023 inagula kampani ya magemu ya Activision Blizzard pa madola pafupifupi 69 biliyoni, ndipo m'katundu wogulidwayo munali King, eni ake a Candy Crush.

Tsono achimwene amene munafunsa zotsegula malo osewetsera magemu pa msika, kasitomala wanu ndi wongosewerako yemweyu. Sagula PlayStation, koma alipira gemu imodzi ya mpira kuti agonjetse mnzake anthu akuonerera n'kumakuwa. Phokoso limenelo foni singamupatse. Ndiye musamalize ndalama yonse pa makina atsopano. Gulani mapadi olimba, benchi yaitali, ndi batire la solar loti magetsi akathima gemu isaduke pakati.