Za mbali ya munda yomwe ili ndi maluwa

Bambo, ndikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi amayi. Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndazindikira kuti chithunzi chimene ndinatumiza sabata yatha chakusowetsani mtendere. Munaona mbali ina ya munda itangokhala tchire la maluwa ndi udzu wautali, ndiye mwaganiza kuti mwini famu zinthu zamuvuta ndipo ntchito yanga ikhoza kutha. Mtima ukhale m'malo. Maluwa amenewo tinachita kufesa, ndipo amene anali pa thalakitala tsiku limenelo ndi ine ndemwe. Boma la kuno ku England limamulipira mwini famu chifukwa cha mbali imeneyo, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwino mmene zimayendera.

Pamene dziko la Britain linali m'bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union, alimi ankalandira thandizo la ndalama potengera kukula kwa malo awo, moti wa malo aakulu ndiye ankalandira zambiri, kaya nthaka akuisamala kwambiri kapena pang'ono. Dzikoli litatuluka m'bungweli mu 2020, aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano la zaulimi, ndipo kuyambira mu 2021 ndalama zija ku England kuno zakhala zikuchepetsedwa chaka ndi chaka kuti zidzatheretu pofika 2027. M'malo mwake munabwera ndondomeko zatsopano, ndipo imene ikutikhudza ife ndi Sustainable Farming Incentive, imene aliyense amangoitchula kuti SFI. Maganizo a boma ndi akuti tirigu ali ndi msika, ndipo mlimi akamugulitsa amalandira zake, koma madzi oyera a mumtsinje, njuchi, mbalame ndi nthaka yosaguga palibe amene amabwera pa famu kudzazigula, chonsecho anthu onse amapindula nazo. Motero boma limaima m'malo mwa anthuwo n'kumalipira mlimi amene akuzisamala.

Ntchito iliyonse ili ndi mtengo wake pa hekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Pa mitengo ya mu 2024, mlimi wofesa mbewu zosakaniza zophimba nthaka m'nyengo yozizira ankalandira mapaundi 129 pa hekitala pa chaka, wosapopera mankhwala ophera tizilombo mapaundi 45, ndipo wodzala popanda kutembenuza nthaka mapaundi 73. Yokwera mtengo kwambiri mwa zimene timachita ndi yodzala mbewu zoti zingokhala m'munda osakololedwa kuti mbalame zidzadye nthawi ya chisanu, imene inali mapaundi 853 pa hekitala. Ndikudziwa kuti pamenepa mukupukusa mutu, poti mlimi aliyense amadziwa kuti mbalame ndi zoingitsa. Nanenso poyamba ndinaseka. Koma mu Januwale, pamene minda yonse yoyandikana nafe inali mbee, ndinaima m'mphepete mwa kachigawo kameneko m'mawa, ndipo nditangowomba m'manja kunadzuka timbalame tochuluka ngati utsi. Kuno m'miyezi imeneyo mbalame zambiri zimafa ndi njala, chifukwa makina okololera sasiya khunkha.

Mwini famu si wopusa ayi. Sapereka pakati pa munda pomwe pali chonde. Amasankha m'makona momwe thalakitala imavutika kukhota, m'mbali mwa mitengo momwe mthunzi umapinimbiritsa tirigu, ndi m'malo a lowe momwe madzi amadikha. Malo amenewo ankangomudyera feteleza ndi mafuta popanda phindu lenileni, pomwe tsopano akumubweretsera ndalama yodziwikiratu, imene imabwera miyezi itatu iliyonse, kaya mvula yachuluka kapena mtengo wa tirigu watsika.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse kwambiri n'chakuti ndalama imeneyi si mphatso. Mlimi amasaina mgwirizano wa zaka zitatu, amalemba pa mapu munda uliwonse ndi ntchito imene adzachitemo, ndipo ofesi yolipira alimi, ya Rural Payments Agency, ili ndi ufulu woona ngati akukwaniritsadi, kaya potumiza munthu kapena poyang'ana zithunzi za setilaiti. Akapezeka kuti sanachite zimene analonjeza, akhoza kuuzidwa kuti abweze ndalamazo. N'chifukwa chake timasunga malisiti a mbewu, timalemba tsiku limene tafesa, ndipo ine ndimajambula chigawo chilichonse pa foni. Chithunzi chimene munaona chija ndi chimodzi mwa zimenezo. Palinso masiku amene ndimayenda ndi fosholo, kukumba dothi pang'ono, kulifumbata m'manja kuti ndione ngati likuyoyoka bwino, n'kuwerenga nyongolotsi zimene zilimo. Momwe tinafesa mbewu zophimba nthaka, dothi limakhala lofewa ndipo mvula ikagwa madzi amalowa pansi, pomwe m'minda yosiyidwa yambulanda madzi amathamanga ali ofiira kupita kumtsinje, atanyamula chonde chonse.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Alimi ena ataona kuti mbewu za mbalame ndi maluwa zikulipira bwino kuposa kulima, anayamba kuika mbali yaikulu ya minda yawo m'ntchito zimenezi, mpaka anthu anayamba kufunsa kuti chakudya chidzachokera kuti. Mu Marichi 2024 boma linaika malire akuti ntchito zina zochotsa malo pa ulimi wa chakudya zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a famu, ndipo kwa ine malire amenewo anali oyenera. Kenaka pa 11 Marichi 2025 boma linalengeza mwadzidzidzi kuti lasiya kulandira makalata atsopano a SFI chifukwa ndalama zimene linaika padera zinali zitatha kugawidwa. Amene anali atasaina kale anapitiriza kulandira monga mwa mgwirizano wawo, koma amene ankazengereza anapeza chitseko chotseka. Ifeyo tinali titasaina kale.

Tsono pa nkhani ya ntchito yanga, musade nkhawa m'zaka za mgwirizano uno. Ntchito yachita kuwonjezeka, chifukwa maluwawo amafuna kutchetchedwa pa nthawi yake, mbewu za mbalame zimafuna kufesedwanso, ndipo mipanda ya zitsamba ili ndi lamulo lake loti isadulidwe kuyambira pa 1 Marichi mpaka pa 31 Ogasiti pamene mbalame zikuswa, moti yonse imatidikira m'miyezi yozizira. Mgwirizano ukamadzayandikira kutha ndidzakuuzani zimene mwini famu waganiza. Chonde muwafotokozere amayi uthenga uno, chifukwa ndamva kuti ndi iwo amene anayamba kuona chithunzicho.