Makalata a Omvera: Kodi Ng'oma za AC/DC N'zachibwana?

Kalata yoyamba lero yachokera ku Ndirande, kwa mnyamata amene amaimba ng'oma mu bandi ya kutchalitchi kwawo. Akuti:

"Sabata yatha munaika nyimbo za AC/DC n'kumatama woimba ng'oma wawo. Ine ndamvetsera kangapo koma sindikuona chodabwitsa. Kiki, sinea, kiki, sinea, basi. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 akhoza. Ulemu wonsewu ndi wa chiyani?"

Zikomo achimwene, ndipo makutu anu sanakunamizeni. Munthuyo ndi Phil Rudd, wobadwira ku Melbourne ku Australia mu 1954, ndipo gulu la nyimbo za rock limeneli analiyambitsa ndi Malcolm ndi mng'ono wake Angus Young ku Sydney mu 1973. Mukamawerenga 1, 2, 3, 4, Rudd amaponda kiki (ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi) pa 1 ndi pa 3, n'kumenya sinea (ng'oma yaing'ono yolira mokweza) pa 2 ndi pa 4, hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo togundana) ikungoyenda ngati wotchi.

Tsono ndikupempheni chinthu chimodzi. Ikani nyimbo yawo ya Back in Black ya mu 1980, tengani timitengo tanu, muitsatire mpaka kumapeto osaonjezera kalikonse. Pofika pakati manja amayamba kuyabwa, mtima ukufuna roll, kukometsera kuja komenya ng'oma mofulumira motsatizana. Mukadziletsa pamenepo, mupeza kuti mwayamba kuthamanga osadziwa. Mvetseraninso gitala ya Malcolm: imalira n'kudukiza, kusiya kampata ka zii. Mphamvu ya nyimboyo ili m'kampata kameneko, ndipo Rudd amakasiya dala kuti sinea ikagwa igwe yokha, yolemera. Anachoka m'gululi mu 1983, anzake aluso anakhalapo pampandowo, koma mu 1994 anamuitananso.

Ndinaziona ndi maso pa ukwati wina. Amayi anali atadzaza bwalo, zitenje m'chiuno, perekaniperekani ali mkati. Woimba ng'oma, mnyamata waluso ndithu, anayamba kuthira ma roll paliponse. Mapazi a anthu anasokonekera, wa besi anamuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo agogo ena anangobwerera kukakhala. Zinandipweteka, chifukwa mwanayo manja anali nawo. Lamulungu likubwerali, achimwene, yesani nyimbo imodzi yokha osakometsera, muone mmene kwaya ipumire.

Ina yachokera ku Johannesburg, kwa mayi amene akuti: "Mwana wanga wa zaka 14 amaonera Neil Peart pa YouTube, ndiye akulirira ng'oma zambirimbiri ngati zake. Ndimugulire?"

Mayi, musavutike nazo panopa. Malemu Peart, wa gulu la Rush la ku Canada, ankazunguliridwa ndi ng'oma chifukwa nyimbo zawo zimasinthasintha kayendedwe, zinkafunadi zimenezo. Mwana wanu mupezereni kiki, sinea ndi hi-hat, muikireni metronome (kachipangizo kogunda mosasintha liwiro) pa foni, aziimba nayo mphindi 20 tsiku lililonse. Akatha miyezi itatu mutilemberenso, ndikufuna kumva mmene zikuyendera.

Tsopano kwezani wailesi pang'ono. Achimwene a ku Ndirande, nyimbo ikubwerayi ndi yanu, muwerenge ma roll ake.