Achemwali, mwanayo asasiye sukulu

Achemwali mwaswera bwanji kumeneko, voice yanu ndaimva ndili mu taxi yochokera ku Bree kuno ku Joni ndiye sindikanayankha pagulu. Zimene akunena apongozi anuzo, zoti mwana asiye sukulu poti naye adzapenga ngati bambo ake, ine ndakana, malume ake ndine ndipo zofunika kusukulu ndizitumiza ndine.

Matenda a alamuwa madokotala amati schizophrenia, ndipo eya amayenda kumtundu, sindikubisirani. Koma tamvani mawerengero ake. Mwa anthu onse amadwala ndi pafupifupi mmodzi pa 100, pomwe mwa ana amene kholo limodzi likudwala ndi pafupifupi 10 pa 100, ndiye kuti 90 enawo amakula bwinobwino mpaka kumera imvi. Olo mapasa ofanana ndendende aja, wina akadwala, pafupifupi theka la nthawi mnzakeyo sadwala.

Si jini imodzi ayi (jini ndi kalangizo ka m'thupi kamene mwana amatengera kwa makolo ake), ndi tambirimbiri tongowonjezera pang'onopang'ono, moti mu 2014 akatswiri anapeza malo 108 mu DNA, momwe mumasungidwa timalangizoti, okhudzana ndi matendawa, ndipo palibe zoti mukamuyezetse magazi akuuzeni kuti adzadwala kapena ayi. Chimachitika n'chakuti ubongo wa mwana umamera timinyewa tolumikizana tochuluka kupyola tofunika, ndiye akamasinkhuka umayamba kupatulira ngati chimanga pa phando, tofooka kuchotsa tolimba kusiya. Mu 2016 anapeza kuti jini ina yotchedwa C4 ikalimbika kwambiri kupatulirako kungathe kupyola muyeso. Akatswiri akuganiza kuti n'chifukwa chake matendawa sakonda kuoneka mwa kamwana, amadzatulukira munthu ali ndi zaka za pakati pa 16 ndi 30, ndipo anyamata amayamba msanga kuposa atsikana. Mbali yakutsogolo ya ubongo imakhwima cha m'ma 25 umo.

Ndiye apa pali ntchito yanu achemwali. Chamba asachiyandikire n'komwe, ndikunenetsa, kwa mwana wa mtundu wotere kusuta ali wamng'ono kumakweza chiopsezo kwambiri, ndipo kuno ku Joni ndaona anyamata akwathu abwinobwino akuyankhula okha pa msewu mtima kundiwawa. Azidya, azigona nthawi yake, azisewera ndi anzake, ndipo anthu asamamutche mwana wa wamisala iye akumva.

Akadzakula mukadzaona wayamba kudzitsekera m'nyumba, wasiya kusamba, magiredi agwa mwadzidzidzi, akuti akumva mawu kapena anthu akumulonda, osataya nthawi kwa asing'anga, pitani kuchipatala cha boma mufunse nesi wa mental, zikavuta amatumiza ku Zomba Mental. Kuyamba mankhwala msanga kumathandiza zedi.

Alamu nawo asadumphitse jakisoni wawo wa pamwezi olo akuoneka kuti achira. Lachisanu ndikalandira nditumiza pa Mukuru ya transipoti ndi yunifomu, mundiuze saizi ya nsapato.