Chimene chimayendetsa khansa ya pakhungu

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Wina anandifunsa kuti kadontho kakuda ka pakhungu kamakafika bwanji m'mapapo kapena mu ubongo. Amanena za khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Ndiyankhe zimenezo lero.

Tiyambire mkati mwa selo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi lathu. Muli ulusi wa DNA, wosunga malangizo a thupi, wotalika pafupifupi mamita 2, koma seloyo ndi yosaoneka ndi maso. Kuti ulusiwo ukwanemo, umakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone, monga mmene ulusi wosokera umakulungidwira pa kamtengo kake. Pamene pakulungidwa mothina, malangizo olembedwa pamenepo sawerengeka. Pamene pamasuka, selo imawerenga n'kuchita. Ndiye pali gulu la mapuloteni lotchedwa SWI/SNF, ntchito yake ndi kusuntha timahistone tija, kutsegula apa, kutseka apo, zilembo za DNA osazikhudza n'komwe.

Tsono apa mumvetsetse bwino. Maselo amene amapanga mtundu wa khungu lathu, ma melanocyte, sanayambire pakhungu ayi. Mwana akali m'mimba, maselowa amachokera cha kumsana n'kuyenda ulendo mpaka kukafika pakhungu. Akafika, malangizo a ulendowo amamangidwa ndithu, kuti maselo akhazikike. Mu khansa ya melanoma, yomwe imayambira m'maselo amenewa, mfundo ija imamasuka, selo n'kukumbukira kuyenda. Imachepetsa E-cadherin, puloteni yomwe imaimata kwa anzake, kenako imaboola n'kulowa m'mitsempha. Puloteni ina, EZH2, ikachuluka imatseka malangizo a mu DNA amene akanaletsa seloyo.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti selo ikafika kumene ikupita imatha kusinthanso, kusiya kuyenda n'kuyamba kuswana. N'chifukwa chake matendawa amavuta kuwagwira akafalikira. Komabe chomangidwa chimamasulika. Mu 2020 ku America anavomereza mankhwala otchedwa tazemetostat, otsekereza EZH2, pa khansa ina yotchedwa epithelioid sarcoma, ndipo ofufuza akufunafuna njira zotere pa melanoma.

Musamati khungu lakuda silidwala matendawa. Kwa anthu a khungu lakuda, melanoma imakonda kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene ambiri sayang'ana. Madzulo ano mukamasamba, tembenuzani phazi muone. Kadontho kakamakula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi, pitani nako kuchipatala, chifukwa kakadali pamwamba madokotala amangokadula. Mayi mwakweza dzanja kumbuyoko, funsani.